Abiti Amidu, Mayi Amene Anauma Ali Moyo

Ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti ntchito ya kuchipatala ija inali yotani, poti inu munkangondiona ndikuchoka m'mawa n'kubwera madzulo ndikununkha mankhwala okolopera. Cholembera chili m'manja mwa Rozina, koma mawu ndi anga. Zaubwana tizisiye, ubwana wanga unali ngati wa aliyense. Ndiyambire pa chitini.

1986

Ndinalowa ntchito pachipatala cha mishoni chaka chimene Rozina anasiya kuyamwa. Anandilemba ndi Sisitere Bernadeta, mayi wamfupi wa nsapato zosamveka. Unkangozindikira ali kale kumbuyo kwako. Za sukulu sanandifunse. Anandiyang'ana manja, n'kunena kuti, "Kodi mumachita nseru msanga?" Ndinati ayi. Anati, "Tiona mawa." Mawa lakelo ananditengera ku wodi ya odwala chifuwa chachikulu. Pansi pa bedi lililonse panali chitini cholavuliramo, chokhala ndi chivindikiro. Ntchito yanga inali kutolera zitinizo, kukazikhuthula kudzenje, kuzitsuka ndi madzi owira, n'kuzibwezera. Magolovesi ankabwera n'kutha. Akatha tinkavala majumbo a shuga m'manja, sopo akatha tinkatsukira phulusa. Sisitere ankanyamula chitini chilichonse n'kuchiyang'ana padzuwa, akapeza kadontho ubwerezanso zonse.

Pa zaka zimenezo ndinaphunzira kuti munthu ndi madzi. Wamoyo amanyowetsa. Thukuta, misozi, malovu, mkodzo, zonsezo ndakolopa. Ndinafika poti ndikangonyamula chitini ndinkadziwa za mwini wake. Chikayamba kupepuka pang'onopang'ono, munthuyo akuchira. Koma chikauma mwadzidzidzi, mwini wake ali gone, milomo itang'ambika, ndinkapita kukafunafuna nsalu yoyera osauza munthu. Chitini chouma sichinkandinamiza.

Sisitere anadzatulukiranso kuti ndimayankhula Chiyao, poti mayi anga anali a kufupi ndi Mauwa, anakwatiwa ndi Mkatolika n'kubatizidwa. Kuyambira pamenepo ankandiitana ndili ndi chikolopa m'manja kuti ndikamasulire. Anthu athu Chinyanja amachidziwa, koma za mumtima agogo ambiri amazinena m'chiyankhulo cha amayi awo. Sisitere anakalamba n'kupita kwawo, mabwana ena anabwera n'kupita, ine anandisuntha ku wodi ya amayi, kenako kuchipinda cha maso, kumene ndinakalambira.

2016

Unali mwezi wa Ramadhani, nthawi yozizira, fumbi lili kobo. Inu mukudziwa kuti m'midzi yathu muno ena akamasala sameza malovu, amati kumeza n'kudula swaumu, kusala kwawoko, ngakhale mashehe amanena kuti sizili choncho. Ndiye mwezi umenewo ndinkaika zitini za mchenga m'mbali mwa mabenchi a pakhonde kuti anthu azilavuliramo. Dzuwa lili paliwombo ndinapita kukazitolera. Zonse zinali zolemera, kupatula chimodzi. Mchenga wake unali mbee, monga ndinauthirira m'mawa. Ndinakweza maso kuti ndione mwini wake. Anali mayi wamtali, wofunda nsalu yoyera kumutu, atakhala chiwongokere, akundiyang'ana. Maso ake anali ofiira koma osanyezimira, ngati maso a mbuzi yophedwa dzulo. Akaphethira, ndikukuuzani ana anga, zikope zinkamveka. Tswa. Ngati makoko a chimanga. Ndinayang'ananso m'chitinimo, poti zaka zonsezi chitini chouma chinkatanthauza chinthu chimodzi, koma uyu anali atakhala tsonga pabenchi, wabwera yekha.

Dzina lake anali Abiti Amidu, wa cha ku Kadewere. Dokotala wathu nthawi imeneyo anali a Nyirenda, mtsikana wa kumpoto wosadziwa Chiyao, ndiye anandiitana. Abiti akamayankhula, lilime linkamatirira kumwamba n'kumatuka, ta, ta, pakati pa mawu. Dokotala anafunsa kuti maso anayamba liti kuuma, ngati yapitirira miyezi itatu. Abiti anati mvula yagwa kawiri chiyambireni. Anafunsa ngati amamva ngati muli mchenga. Anati, "Osati ngati. Mchenga weniweni, koma ndikapukuta sutuluka." Anafunsa ngati amatha kumeza chakudya chouma popanda madzi. Abiti anaseka, kuseka kwake kopanda mawu, n'kunena kuti mbatata anaisiya kalekale, ingamuphe. Mano ake anali atavunda m'tsinde, ndipo m'munsi mwa makutu munali motupa ngati mwana wa matsagwidi. Kenako anatembenukira kwa ine, osati kwa dokotala, nati, "Mesi gamasile." Madzi atha.

Dokotala atatuluka kukatenga zida, Abiti anandiuza chimene chinamubweretsa. Iye anali wosambitsa maliro a amayi kumudzi kwawo, ntchito imene anailandira kwa azakhali ake. Poyamba amayi anzake anaona kuti salavula pa mwezi wosala, n'kuyamba kunong'onezana kuti amamwa madzi mobisa. Kenako mwana wa mchemwali wake anamwalira, iye analira mpaka mawu kutha, koma masaya ali gwa. Pamenepo mnzake wosambitsa naye, agogo Asiyatu, ananena mawu amene anafalikira mudzi wonse. Anati akufa amene Abiti wawasambitsa ndi amene amumwa, aliyense anatengako pang'ono popita, ndipo amene adzasambitse Abitiyo chiwumacho chidzasamukira kwa iye. Anamuletsa kugwira maliro. Ana aakazi analibe, anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, ndipo mwamuna sasambitsa mayi ake. "Ine sindinabwerere kuchira," anatero. "Ndasambitsa mudzi wonse. Ndikufuna ndidziwe kuti ine adzandisambitsa ndani. Auzeni adokotalawo andipatse dzina la matendawa, ndikawauze anthu kuti ndi matenda."

Koma dzina, ana anga, silinkaperekedwa ngati panado. Dokotala anati kuuma kokha si umboni, zinthu zambiri zimaumitsa munthu. Anayamba ndi kuchotsa zina. Anafunsa mapilitsi onse amene Abiti amamwa. Anamuyeza shuga, kachilombo, ndi matenda a chiwindi. Anafunsa ngati anawotchedwapo ndi makina a khansa m'khosi kapena m'mutu. Zonse ayi. Mwezi wosala utatha Abiti anabweranso, ndipo dokotala anatulutsa timapepala tating'ono, n'kukoloweka kamodzi m'chikope chilichonse cham'munsi, n'kumuuza kuti atsinzine. Munthu wina aliyense kapepalako kamanyowa n'kutsika. Ine ndinaima pafupi ndikuyang'ana mayi wamkulu atatsinzina, timapepala tiwiri toyera tikulendewera pamasaya ngati misozi ya pepala. Atatichotsa tinali touma, mwina kunsonga kokha. Anamudonthezera utoto m'maso n'kuwaunika ndi getsi la buluu, maso aja n'kuoneka timadontho tobiriwira paliponse pamene panakalika. Potsiriza anamupatsa kapu kuti aweramire, asameze, asatafune kanthu, malovu azingodontha okha. Tinadikira nthawi yoti madzi a tiyi n'kuwira. Kapuyo ndinaitenga ine. Sinafunike kutsuka.

Dokotala anafotokoza za mapointi, ine osamva, Abiti osamva. Ndiye ndinatuluka panja n'kutola miyala isanu, iwiri ikuluikulu, itatu ing'onoing'ono, n'kuiyala patebulo, ndinati, "Adokotala, tiuzeni ndi iyi." Anaseka, koma anavomera. Ing'onoing'ono itatu ija anati ndi kapepala, utoto, ndi kapu. Ikuluikulu, wina ndi magazi, mmene amafufuza chizindikiro chakuti asilikali a m'thupi aukira mwini wawo, wina ndi kamnofu ka m'kati mwa mlomo, mmene muli timakasupe ta malovu. Waukulu umodzi umalemera ngati ing'onoing'ono itatu, ndipo kuti dzina litchulidwe pamafunika kulemera kwa inayi. Abiti anakokera miyala itatu ija kwa iye, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye kuti ndauma mokwanira kuti anthu andithawe," anatero, "koma sindinaume mokwanira kuti mundipatse dzina." Dokotala anati popanda mwala waukulu ngakhale umodzi sangalembe chinthu chimene sanatsimikize. Magazi anawatenga n'kuwatumiza ku Blantyre. Yankho linabwera lakuti mankhwala oyezera zimenezo kulibe, tidikire. Tinadikira mpaka chaka chinatha.

2017

Kunatsala mlomo. Ndipo nthawi yake inaipa, poti ndi chaka chija kunabuka mphekesera za anamapopa, anthu akugona panja m'magulu, aliyense wonyamula chikwama chachilendo akumuyang'ana kawiri. Abiti anabwera ndi mwana wake Yusufu, bambo wa kabaza, ali ndi ndevu zake kale. Dokotala anafotokoza kuti adzabaya jekeseni yoziziritsa, adzacheka pang'ono m'kati mwa mlomo wam'munsi, n'kuchotsa timinofu ngati njere za mapira, tipite ku Blantyre akatiyang'ane pa makina. Abiti anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anawerenga ndi zala, ta, ta, lilime likumatuka. "Pepala la m'maso mwanga munatenga. Kapu ya malovu munatenga. Magazi munatenga. Lero mukufuna mnofu. Amake Rozina, kwathu munthu wosonkhanitsa zinthu zimenezi timamudziwa dzina lake." Ndipo kunena zoona, ukaziyala choncho, zinali zomwezo. Ndiye anafunsa funso limodzi. "Mnofuwo udzabwerera? Ine ndikufuna kudzalowa m'manda wathunthu, monga ndinkawakonzera anzanga."

Ndinamasulira. Dokotala anapukusa mutu, anati ukapita wapita, amaudula n'kuupaka mankhwala, subwerera. Ndisanatsegule pakamwa, Yusufu anandigwira chitenje n'kundinong'oneza m'Chinyanja, "Amayi, chonde, auzeni kuti udzabwera. Akakana lero basi, dzinalo sitilipezanso. Inu simukudziwa mmene tikukhalira. Mkazi wanga yemwe amawapatsa chakudya ataima patali." Anali ndi misozi m'maso, mwana wa mayi wopanda misozi. Dokotala sakanamva chimene ndinganene m'Chiyao. Pakamwa panga ndi pamene panali mlatho wonse. Mawu amodzi okha, ndipo mayiyu akanagona pabedi, dzina n'kupezeka, mwina n'kudzasambitsidwa. Koma ndinayang'ana manja ake ali pamaondo, manja amene anatseka maso a anthu ambirimbiri osawabera kanthu, ndinalephera. Ndinati, "Abiti, subwerera."

Anaimirira, anakonza nsalu yake, anatuluka. Yusufu anandiyang'ana ngati ndamuphera mayi. Ine ndinasiya chikolopa pakhomo n'kumuthamangira, ndinamupeza pageti. Chimene ndinanena sindinachikonzekere. Ndinati, "Abiti, dzina lipezeke, lisapezeke, akadzakana kukusambitsani ndidzabwera ine." Anaima, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso aja tswa. "Inu? Mkatolika? Mudzandikolopa ngati khonde?" Ndinati ndasambitsa akufa ambiri m'wodi. Anati, "Mumayambira mbali iti?" Ndinati iliyonse imene ili pafupi. Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwaona! Timayambira kumanja, mayi inu. Kumanja." Anakwera njinga ya mwana wake, napita.

Mvula yoyamba itagwa, ndinamupeza m'mawa atakhala pabenchi lomwe lija. Anati anakafunsa kwa shehe, ndipo shehe anamuuza kuti chochotsedwa pofuna mankhwala si mlandu, Mulungu amadziwa kumene kuli kachidutswa kalikonse ka munthu wake. Kenako anandikoka pafupi. "Mukanandiuza kuti udzabwera, simukanandionanso. Ndasambitsa amayi ambiri ochokera ku opaleshoni. Palibe ndi mmodzi yemwe anabwera ndi zake m'thumba." Tsiku limenelo mutu wake ndinaugwira ine. Magolovesi anali okwanira dokotala yekha, ndiye timagazi ta mlomo wake tinandidonthera pamkono. Yankho linatenga miyezi, koma linabwera. Timakasupe tija anatipeza titazingidwa ndi asilikali a m'thupi lake lomwe. Dokotala anatenga umodzi wa miyala ikuluikulu ija, imene tinaisunga pawindo, n'kuuika pamodzi ndi itatu ija. Anati matendawa dzina lake ndi Shogireni. Sapatsirana, ngakhale pogwirana, ngakhale podyera mbale imodzi. Satheratu, koma madontho a m'maso, kumwa madzi pang'onopang'ono ndi kusamala mano zimathandiza. Abiti analibwereza dzinalo kangapo kuti lisamuthawe panjira. Shehe anamumasula kusala. Yusufu analengeza kwa abale, ena anakhulupirira, mkazi wake anayamba kudya ndi apongozi ake. Koma agogo Asiyatu atamva anangoti, "Dzina lachizungu silinyowetsa munthu."

2024

Ndinali nditapuma kale ntchito, ndikulima nandolo wanga kuno. Tsiku lina m'mawa, nthawi yotentha, ndinamva belu la njinga pabwalo. Anali Yusufu, ndevu zitayamba imvi. Sanakhale pansi. Anati, "Amayi atisiya m'bandakucha, chibayo. Anandiuza kuti ndikadzaona anthu akuyang'ana pansi, ndidzakutengeni." Rozina, iwe unalipo, unandiletsa, unati ndikachita manyazi pamaliro a eni ake. Ndinakwera.

Asilamu sagoneka maliro. Titafika, amuna anali atamaliza kukumba, nsalu ya sanda itadulidwa, jeneza, chonyamulira chija, chitatsamira khoma. Madzi anali atatungidwa, ndowa zili ndandanda pakhomo. Amayi anali atadzaza bwalo, akulira, koma m'nyumbamo munalibe munthu. Shehe anali atayankhula kale kawiri, kuti kusambitsa ndi udindo wa onse, akapanda kutero mlandu ndi wa onse. Aliyense ankayang'ana mnzake, onse n'kuyang'ana agogo Asiyatu, amene anakhala patsinde pa mango atagwira ndodo, maso ali pansi. Dzuwa linkakwera. Chitseko chinali chotsegula, m'katimo muli bii, ndipo ndisakunamizeni, nanenso ndinaima pomwepo osalowa. Dzina ndinkalidziwa, miyala ndinaitola ndekha, komabe mawu a agogo aja anali m'khutu mwanga.

Ndinaima pakati pa bwalo. Ndinati, "Amayi, ine ndi uja wa kuchipatala. Mutu wa Abiti ndinaugwira ndi manja awa, magazi a m'kamwa mwake anandidonthera apa, papita zaka. Taonani." Ndinalavula pansi. Pafumbi panada. Onse anayang'ana pamenepo ngati sanaonepo malovu. Kenako ndinamanga chitenje, ndinanyamula ndowa, n'kulunjika pakhomo.

"Iwe!" Anali agogo Asiyatu. "Ukupita kuti ndi ndowayo?"

Ndinati, "Kukasambitsa mnzanga. Ndinamulonjeza."

"Mkhristu? Ife tili pompano? Ukudziwa ndi poyambira pomwe?"

Ndinati, "Kumanja."

Agogo aja anandiyang'ana nthawi yaitali. "Anakuuza ndi iyeyo," anatero. Anadzuka ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, mafupa akulira. "Choka apo. Mawu onena posambitsa ukuwadziwa? Mfundo za sanda ukuzidziwa? Ungatichititse manyazi kwa Mulungu. Iwe uzingopatsira madzi pakhomo." Anaitana amayi awiri ndi mayina awo, ndipo poti anaitana ndi iwo, anadzuka.

Ndinagwada pakhomo, nsalu yotchinga ili pakati pathu, ndikupatsira ndowa. Pansi pa bedi losambitsira amakumba kadzenje kolandira madzi. Ine ndakolopa moyo wanga wonse, ndimadziwa kulira kwa madzi akamagwa. Ndowa yoyamba inalowa, inatuluka yopanda kanthu, koma kudzenje kuja sindinamve ngakhale dontho. Yachiwiri chimodzimodzi. Mwina nsalu zinamwa, mwina dothi linali louma, mwina makutu anga akalamba, inu ophunzira mudziwa. M'katimo amayi aja anasiya kunong'ona. Pa yachitatu ndi pamene ndinamva, tho, tho, tho, kenako madzi akuyenda.

Agogo Asiyatu anakankha nsalu ija pang'ono, manja ali chonyowa mpaka m'zigongono. Sanandikalipire. Anati, "Tabwera, udzaone mnzako." Ndinasuzumira. Anali atamaliza kumusambitsa kumaso. Madzi anali atadikha m'makona a maso ake otseka, ndipo ndikuyang'ana choncho, dontho linachoka mbali iyi, lina mbali iyo, n'kutsika m'masaya mpaka m'makutu. Agogo aja anawapukuta ndi chala chachikulu, mofatsa, ngati akutonthoza mwana. Kenako ndi dzanja lomwelo, osalipukuta, anadzigwira kumaso.

Rozina, lemba kuti Abiti Amidu anaikidwa dzuwa lisanapendeke. Lembanso kuti anapita atasamba.